Mikwaso ya Nthano Zathu: Kuchokera kwa Kalulu Kufikira kwa Mtchona

Abale ndi alongo okhala muno mu Washington, ku Maryland ndi ku Virginia, ndiloleni ndiyambe monga momwe agogo athu ankayambira: padangokhala. Ndikhulupirira kuti penapake alipo wina amene wavomera chamumtima kuti tili tonse.

Usiku wina ndili pa ntchito yanga yosamalira okalamba, mayi wina wachikulire amene makolo awo adachokera ku Georgia adasowa tulo. Pofuna kutayitsa nthawi, adayamba kundisimbira nthano imene adaimva ali mwana, ya kalulu wakuba amene adamutchera chidole chopaka phula. Kalulu adapereka moni, chidole chili duu. Adachimenya ndi dzanja lamanja, dzanja lidakanirira. Asanapitirize ndidawalanda nthanoyo pakamwa: lamanzere nalo lidakanirira, kenaka mwendo, kenaka mwendo unzake, potsiriza mutu. Gogowo adadzuka nakhala tsonga, nandifunsa kuti buku limenelo ndidaliwerenga liti. Ndidawayankha kuti sindidaliwerengepo. Nthanoyo ndidaimva pabwalo kwathu mwezi ukuwala, kungoti kwathu chidolecho amachimata ulimbo. Kuyambira usiku umenewo ndakhala ndikufufuza chimene chimachititsa kuti munthu amalize nthano imene mwini wake sadaimalize.

Ana athu obadwira kuno ali nalo liwu la chinthu chimenechi. Akamaonera kanema amatha kulosera kuti uyu afa posachedwa, uyu ndiye wachiwembu, awiri akudanawa adzakwatirana. Ukawafunsa kuti adziwa bwanji, amati imeneyo ndi trope. M'Chichewa ine ndasankha kuchitcha mkwaso. Aliyense amene adasakako mbewa adziwa kuti mbewa siziyenda chisawawa m'tchire, koma zili ndi tinjira tawo toponderezeka, ndipo wosaka wanzeru amatchera msampha pomwepo. Nthano nazonso zili ndi mikwaso yake. Wosimba amasintha, mudzi umasintha, chilankhulo chimasintha, koma kanjirako nkomweko. M'nkhani ino ndifuna titsate mbiri ya mikwaso ya nthano zathu, pakuti umodzi mwa iyo wadutsa pakhomo pathu penipeni ife okhala kunja.

Mikwaso ya pabwalo

Makolo athu sadalembe mndandanda wa mikwaso, koma ankaidziwa bwino, ndipo ankaitchula ndi mayina a nyama ndi miyambi. Mkwaso woyamba ndi wa Kalulu, wamng'ono wopanda nyanga kapena zikhadabo zoopsa, amene amagonjetsa Njovu ndi Mkango ndi nzeru zokha. Iye si woyera mtima ayi. Nyama zikamakumba chitsime m'chaka cha chilala iye amakana kugwira nawo, koma madzi akatuluka amanyenga alonda ndi uchi, nawamanga, namwa ndi kusamba momwemo, kufikira Kamba wonyozeka uja atamugwira. Wachiwiri ndi wa Fisi, wadyera ndi wamantha, amene fungo la nyama litachokera m'njira ziwiri adafuna kutsata zonse nang'ambika. Mwambi woti mapanga awiri avumbwitsa ndi nthano yomweyo yofupikitsidwa.

Palinso mkwaso wa mwana wamasiye amene mayi womupeza amamumana chakudya, koma pamapeto pake ndiye amapulumutsa mudzi. Pali wa namwali wokana amuna onse a m'mudzi, amene amalola mlendo wokongola, nkudzazindikira ali pakati pa nkhalango kuti wakwatiwa ndi chilombo. Womupulumutsa amakhala mlongo wake wamng'ono yemwe ankamunyoza. Pali wa mbalame yoimba, imene imatsata munthu wopha mnzake niulula mlanduwo m'nyimbo. Akaipha imadzukanso, akaitentha imadzukanso, kufikira itakaimba pabwalo la mfumu. Ndipo pali wa uthenga wochedwa: Chauta adatuma Bilimankhwe kukauza anthu kuti akafa adzadzukanso, koma Buluzi waliwiro adamupitirira ndi uthenga woti akafa afa.

Kubwerezabwereza kumeneku sikudali kusowa nzeru. Nthano yosalembedwa imakhala ndi moyo pokhapokha ikamakumbukika, ndipo mkwaso ndiwo unkathandiza wosimba kukumbukira ndi omvera kuvomera nyimbo pa nthawi yake. Luso la agogo silidali pa kupeka kanjira katsopano, koma pa kuyendetsa ana m'kanjira kodziwika kale, mitima ili m'mwamba ngati kuti akumva koyamba.

Pamene mikwaso idapatsidwa manambala

Oyamba kulemba nthano za dziko lathu papepala adali alendo. M'busa Duff Macdonald wa mishoni ya Blantyre adasindikiza buku lotchedwa Africana mu 1882, momwe adaikamo nthano zambiri za Ayao, ngakhale kuti mutu wa bukulo udatcha dziko lathu lachikunja. Mayi Alice Werner adafika ku Blantyre mu 1893, ndipo pambuyo pake adakhala mphunzitsi wa zilankhulo za mu Africa ku London. Mu 1907 Robert Sutherland Rattray, amene ankagwira ntchito ku kampani ya African Lakes, adatulutsa buku la nthano ndi nyimbo m'Chinyanja pamodzi ndi kumasulira kwake. Rattray yemweyo adapita ku Gold Coast, dziko lomwe lero ndi Ghana, komwe mu 1930 adasindikiza nthano za kangaude wochenjera Anansi. Munthu mmodzi adakumana ndi mkwaso umodzi m'mbali ziwiri za Africa, kuno utavala ubweya wa kalulu, uko utavala miyendo isanu ndi itatu.

Nthawi yomweyo ku Ulaya akatswiri ankayesa kuwerenga mikwaso ya dziko lonse. Antti Aarne wa ku Finland adayamba kuika nthano m'magulu okhala ndi manambala mu 1910. Stith Thompson wa kuno ku America adakuza ntchitoyo mu 1928 ndi mu 1961, ndipo pakati pa 1932 ndi 1936 adatulutsa mabuku 6 ondandalika tizigawo ta nthano. Hans-Jörg Uther wa ku Germany adaikonzanso mu 2004. M'kaundula ameneyu nthano ya nyama zokumba chitsime ndi nambala 55, ya kalulu ndi chidole chomata ndi nambala 175, ndipo ya wophedwa amene imfa yake imaululidwa ndi nyimbo ndi nambala 780. Ku Germany chimene chimaimba ndi fupa la wophedwayo. Kwathu ndi mbalame.

Ntchito imeneyi njotamandika, koma ili ndi malire ake. Kaundulayu adamangidwa makamaka pa nthano za ku Ulaya, motero nthano zambiri za mu Africa zimalowamo mokakamiza. Kuonjezera apo, nambala siimba. Imakuuza kuti mbalame idaulula mlandu, koma siikuuza momwe ana ankasunthirana pafupi ndi moto nyimbo ija ikayamba kachitatu.

Mbale wake wa Kalulu kuno ku America

Kalulu wa gogo wanga wa ku Georgia amatchedwa Brer Rabbit. Adalowa m'mabuku mu 1880 kudzera mwa Joel Chandler Harris, mtolankhani wachizungu wa ku Atlanta, amene adamva nthanozo kwa akapolo pa munda wa Turnwold ali mnyamata m'zaka za m'ma 1860. Alice Werner adaona ubalewo msanga, ndipo m'buku lake la mu 1933 lonena za nthano za anthu olankhula zilankhulo za Chibantu adapatula chaputala chathunthu chofanizira akalulu awiriwa. Tisafulumire kunena kuti Brer Rabbit adabadwira ku Dedza kapena ku Nkhotakota. Akapolo ogwidwa m'mbali mwa nyanja yathu ankatengedwa makamaka kupita ku Kilwa, Zanzibar ndi Quelimane, pamene ambiri obwera ku America kuno adachokera kumadzulo ndi pakati pa Africa. Akalulu awiriwa ndi apachibale, osati bambo ndi mwana. Koma nchodziwikiratu chifukwa chomwe mkwasowu udapulumukira panyanja: munthu wolandidwa zonse amasunga nthano ya wamng'ono amene amapusitsa wamkulu.

Komabe Harris adaonjezera mkwaso wina umene sudali wa eni nthano. Adaika nthanozo m'kamwa mwa Uncle Remus, nkhalamba yakuda yokhutira ndi moyo wa pamunda wa mzungu, yosimbira mwana wa bwana mosekerera. Kampani ya Disney idabwereza chithunzi chomwecho m'kanema wa Song of the South mu 1946, ndipo anthu akuda ambiri adadandaula. Apa tiphunzirapo kuti nthano ikhoza kukhala yako, koma wina nkuimangira mpanda wake. Amene adathandiza kuibweza kwa eni ake ndi Zora Neale Hurston, yemwe adaphunzira pa Howard University muno mu Washington kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920. Iye adabwerera kwawo ku Eatonville, ku Florida, nalemba nthano monga momwe anthu ake ankazisimbira okha, nazitulutsa m'buku la Mules and Men mu 1935. Chaka chomwecho adayenda ndi Alan Lomax kujambula mawu a oimba ndi osimba, ndipo zojambulazo zikusungidwa ku American Folklife Center, nthambi ya Library of Congress imene idakhazikitsidwa mu 1976. Ambiri a ife timadutsa pafupi ndi nyumbayo pa sitima ya Metro osadziwa kuti mbale wake wa Kalulu ali m'katimo.

Mkwaso watsopano: wapaulendo

Tibwerere kwathu. Amalawi atayamba kulemba okha mabuku, adatenga mikwaso yakale, koma adapondanso wina watsopano umene udabadwa ndi nyengo ya atsamunda. Msonkho wa nyumba utakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1890, amuna adayamba kupita kutali kukafuna ndalama, ena ku Halale, ena ku migodi ya ku Joni. Bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi, lomwe kwathu tinkalitcha Wenela, lidatenga anthu ochuluka kotero kuti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 adali m'migodi ya ku South Africa. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown, ku Botswana, nipha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Dr Kamuzu Banda adaimitsa ulendowo. Udayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la Theba, nudzatha mu 1988. Kwa zaka pafupifupi 100, pafupifupi mudzi uliwonse udali ndi wake amene adapita.

Nkosadabwitsa tsono kuti wapaulendo adalowa m'nthano. Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, adalemba Nthondo, buku limene lidapata mphoto mu 1933 ndipo Thomas Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi mu 1934 pa mutu woti Man of Africa. Nthondo ndi mnyamata wosamva amene amapita kumwera kukagwira ntchito, nabwerako, nakhala mfumu, natembenuka mtima. M'zaka za m'ma 1960 John Gwengwe adalemba Sikusinja ndi Gwenembe, buku limene ambiri a ife tidaliwerenga kusukulu. M'menemo mkwaso wakale wa mbalame yoimba udakumana ndi watsopano: kaduka ka chuma cha paulendo kadzetsa imfa panjira, ndipo mbalame ikana kusunga chinsinsi.

M'mabuku, m'nyimbo ndi m'masewero, nkhani ya wapaulendo idakhala ndi mathero atatu odziwika. Oyamba ndi a wobwera ndi njinga, wailesi, jekete ndi sutikesi, wolankhula Chichewa chosakaniza ndi chilankhulo cha kumigodi, amene chuma chake chimatha miyezi yowerengeka. Achiwiri ndi a wobwera chimanjamanja kapena wodwala, wopeza mkazi wake atakwatiwa ndi wina ndipo ana ake sakumudziwa. Achitatu ndi a amene sabwera konse, amene makalata ake adayamba kuchepa kufikira adaleka. Ameneyu Chichewa chidamupatsa dzina lakelake: mtchona. Mkwaso umenewu sitidadikire Aarne kapena Thompson kuti autchule. Tidautchula tokha, ndipo mwambi woti kwanu nkwanu, m'thengo mudalaka njoka ndiwo chigamulo chake.

Mikwaso ngati pobisalira

M'nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi mikwaso yakale idagwira ntchito inanso. Lamulo lounika mabuku ndi zisudzo litakhazikitsidwa mu 1968, mlembi sankatha kutchula chinthu ndi dzina lake. Alembi a gulu la Writers Group, limene lidayamba mu 1970 pa Chancellor College, adathawira kwa nyama ndi mizimu ya makolo. Jack Mapanje adatcha buku lake la ndakatulo la mu 1981 Of Chameleons and Gods, potengera bilimankhwe amene amasintha mtundu kuti apulumuke. Steve Chimombo adatenga Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene chikamasamuka chimagumula nthaka ndi kukokolola midzi, nanena kudzera mwa icho zinthu zimene sizinkanenedwa poyera. Owerenga ankamva chifukwa mkwasowo ankaudziwa kuyambira ali ana. Koma alonda nawonso adakulira pabwalo lomwelo: Mapanje adatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu.

Pa wailesi ndi pa nsanja mikwaso idapitirira kuyenda. Amene tidakula tikumvera sewero la Kapalepale pa MBC tikumbuka kuti tinkadziwiratu kuti wochenjeretsa agwa m'mbuna yake yomwe, koma sitinkatseka wailesi. Izeki ndi Jakobo, omwe mayina awo enieni adali John Nyanga ndi Eric Mabedi, adaseketsa dziko lonse ndi mkwaso wakalekale wa awiri oyenda limodzi nkumapusitsana, monga Kalulu ndi Fisi. Nyanga adatisiya mu 2016 ndipo Mabedi mu 2021, koma kanjira kamene adapondamo kakadalipo.

Ife m'kati mwa nthano

Tsopano ndifike pa chimene chandilembetsa nkhani ino. Wapaulendo wa lero sakwera ndege ya Wenela. Amatsikira pa Dulles. Mmodzi mwa amene adayenda njira ya ku America adali Legson Kayira, amene adanyamuka kumpoto kwa dziko lathu wapansi mu 1958, nafika ku Khartoum, nadzayamba maphunziro pa Skagit Valley College mu chigawo cha Washington, osati mzinda wathu uno. Buku lake la I Will Try lidatuluka mu 1965, ndipo iye adamwalira ku London mu 2012. Nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, amene adapanga makina a mphepo opangira magetsi, idatuluka m'buku mu 2009 ndi m'kanema mu 2019. Nkhani ziwirizi nzoona ndipo nzonyaditsa, koma taonani kuti anthu akunja amazikonda chifukwa zimayenda mumkwaso umene iwo adauzolowera, wa mwana wosauka wa mu Africa amene maphunziro amuombola. Kwathu nako atikonzera kale mathero atatu aja. Ukatumiza ndalama ndiwe wa njinga ndi wailesi, amene thumba lake silitha. Ukabwerera wopanda nyumba ya malata ndiwe wolephera. Ukatha zaka khumi osaponda kumudzi ndiwe mtchona.

Mikwaso yonseyi ili ndi choonadi chake, ndipo tisadzinamize kuti ena a ife sitidaiwale kwathu. Koma pali zambiri zimene siinena. Siinena za munthu amene adalephera kukaika mayi ake m'manda chifukwa zikalata zake zidali zisanakonzeke, ndipo akadatuluka sakadaloledwa kubwereranso kwa ana ake. Siinena za ntchito ziwiri, ya usana ndi ya usiku, zimene zimatulutsa fizi ya ana a achimwene. Siinena za momwe timasonkherana kuti thupi la mnzathu likagone kwawo, pokana kuti akhale mtchona ngakhale mu imfa. Ndipo m'mkwaso wakale wapaulendo adali mwamuna, mkazi adali wodikira pakhomo. Lero ambiri a ife apaulendo ndife amayi, ndipo nthano ya mayi wolera ana ake pa lamya sidalembedwe mokwanira m'chilankhulo chathu.

Apa ndi pamene kutchula mikwaso ndi mayina ake kuli ndi phindu. Mbewa imene siidziwa kuti ikuyenda mumkwaso ndiyo imagwa mumsampha. Ukadziwa kuti mawu amene akukubaya mtima pa lamya ndi nthano ya mtchona imene idayamba agogo ako asanabadwe, umatha kuyankha mofatsa, kuvomera pamene walakwa ndi kukana pamene akunamizira. Mbiri taionayi yatiphunzitsa kuti nthano ikasiyidwa, wina amaitola. Macdonald adatola zathu naziika pansi pa mutu wonyoza. Harris adatola za abale athu akuda nazimangira mpanda wake. Zidatengera Nthara, Gwengwe ndi Hurston kuti eni ake alankhule okha.

Choncho ndikupempha zinthu ziwiri zazing'ono. Choyamba, amene muli ndi makolo okalamba, kaya abwera kudzacheza kaya ali kumudzi, apempheni akusimbireni nthano imodzi ndi nyimbo yake, ndipo muijambule pa foni. Afunseninso za amalume aja adapita ku Joni: adapita chaka chiti, adabwera ndi chiyani, kapena chidawatchonetsa nchiyani. Chachiwiri, tikadzakumana pa chikondwerero cha 6 July, nsima itatha ndipo magule asanayambe, tidzapatule mphindi zochepa ana akhale pansi, mmodzi wa ife asimbe ya Kalulu ndi chitsime. Ana amene amatha kulosera mathero a kanema sadzavutika kuzindikira kuti Kamba ndiye agwire wakubayo, ndipo akatero tidzawauze kuti chimene amachitcha trope agogo awo adachidziwa kalekale.

Gogo wanga wa ku Georgia uja, titamaliza nthano yathu, adandipempha kuti ndimuphunzitse mawu amene omvera amayankha kwathu. Adawayeseza kangapo lilime likukana, kenaka adawatchula bwinobwino, nagona tulo. Tili tonse.